Khalidwe Loyenera pa Ntchito ya Hypnotherapy ndi Coaching: Mafunso ndi Mayankho

Mawu oyamba

Munthu wopita kukafuna chithandizo cha maganizo amaulula zinthu zimene sanauzepo mkazi wake, mwamuna wake ngakhale abusa ake. Kukhulupirirana kotereku n'kumene kumachititsa kuti chithandizo chigwire ntchito, komanso n'kumene munthu wosaona mtima amapezerapo mpata. Kabuku kano ndi ka anthu ogwira ntchito ziwirizi ndiponso ka aliyense wofuna chithandizo chawo, kaya ali ku Johannesburg, ku London, kapena akulankhula ndi kochi pa WhatsApp ali kwawo.

1. Kodi hypnotherapy ndi coaching ndi ntchito zanji?

Pa hypnotherapy, wothandizidwa amakhala pampando n'kutsinzina, ndipo wothandiza amamulankhula mofatsa mpaka thupi litamasuka, maganizo onse ataunjikana pa chinthu chimodzi. Zimenezi ndi zimene zimatchedwa hypnosis. Munthuyo sakhala m'tulo ndipo amamva zonse, koma pa nthawiyi savuta kuvomera zimene akuuzidwa. Palibe matsenga kapena mizimu. Dokotala James Braid anailemba m'buku njirayi mu 1843 ali ku Manchester, ndipo mu 1955 bungwe la British Medical Association linavomereza kuti madokotala angaigwiritse ntchito. Mu 2008 bungwe la NICE ku England linati ingayesedwe pa matenda a m'mimba otchedwa IBS ngati mankhwala alephera kwa miyezi 12.

Kochi sachiza matenda. Iye amathandiza munthu wabwinobwino kusankha zolinga pa ntchito, pa bizinesi kapena pa moyo wake, ndi kuzikwaniritsa.

2. N'chifukwa chiyani ntchitozi zimafuna malamulo okhwima a khalidwe?

Chifukwa anthu awiri amene ali m'chipindamo mphamvu zawo n'zosiyana. Mmodzi wabwera ndi vuto ndipo akuyembekezera thandizo, winayo ndiye akuoneka wodziwa zonse. Ngozi imeneyi inaoneka kalekale. Mu 1784 Mfumu Louis XVI ya ku France inasankha akatswiri, pakati pawo Benjamin Franklin ndi Antoine Lavoisier, kuti afufuze kachiritsidwe ka Franz Mesmer kamene kanatchuka ku Paris. Lipoti lawo lapoyera linati mphamvu yosaoneka imene Mesmer ankanena kulibe, ndipo zimene zinkachitikira odwala zinkachokera m'maganizo mwawo. Panalinso lipoti lachinsinsi lopita kwa mfumu, lochenjeza kuti amayi odwala angathe kuchitidwa zachipongwe ndi amuna amene ankawagwiragwira pochiza. Malamulo onse a ntchitoyi cholinga chake n'chimodzi: chilichonse chochitika m'chipindamo chipindulire wothandizidwa.

3. Kodi boma limayang'anira anthu amenewa?

Zimasiyana dziko ndi dziko. Ku Israel lamulo la mu 1984 limalola madokotala, madokotala a mano ndi akatswiri a za maganizo okha, ndipo nawonso amafunika chiphaso chapadera. Ku South Africa lamulo la Health Professions Act la mu 1974 limaika hypnotherapy m'gulu la ntchito za akatswiri a za maganizo, amene amalembetsa ku bungwe la HPCSA. Ku Britain lamulo la Hypnotism Act la mu 1952 limakhudza zionetsero zosangalatsa anthu basi. Wofuna kutsegula ofesi ya hypnotherapy saletsedwa, ndipo kulembetsa ku bungwe la CNHC n'kwa kufuna kwa mwini. Mu 2009 mtolankhani wa BBC analembetsa mphaka wake, George, ku mabungwe atatu a ntchitoyi, ndipo anamulandira.

Makochi ndiye m'maiko ambiri alibe lamulo lowayang'anira. Bungwe la International Coaching Federation, limene linayamba mu 1995, lili ndi malamulo a khalidwe, koma amamanga mamembala ake okha. Choncho satifiketi yopachika pakhoma si umboni wokwanira.

4. Kodi wothandiza ayenera kundiuza chiyani tisanayambe?

Akuuzeni momveka kumene anaphunzira, kutalika kwa maphunziro ake ndi bungwe limene analembetsako. Afotokoze zimene adzachite, zovuta zimene zingabuke, mtengo wake, nthawi zimene mudzakumane, ndi kuti muli ndi ufulu woleka tsiku lililonse. Ndi bwino zonsezi zilembedwe. Chilolezo chopemphedwa munthu atatsinzina kale si chilolezo. Wolonjeza kuti mudzachira ndithu, kapena kuti mudzalemera m'miyezi itatu, akunama, pakuti palibe njira imene imathandiza anthu onse. Funsani mosachita manyazi. Safunsa anadya phula.

5. Kodi malire a ntchito yake ali pati?

Funso limeneli ndi limene limasiyanitsa wothandiza wabwino ndi woopsa. Tiyerekeze mayi wa geni ya kaunjika amene wapita kwa kochi kuti amuthandize kasungidwe ka mpamba. Tsiku lachitatu wafika nkhope itagwa, kope la malonda salitsegula n'komwe. Akuti tulo sakupeza, chakudya sichikulowa, kenako akunena motsitsa mawu kuti ana ake angakhale bwino iye atachoka. Kochi wodziwa ntchito amaika pambali nkhani ya mpamba n'kufunsa mosapita m'mbali: “Mayi, kodi mukuganiza zodzipha?” Akamva yankho amati, “Zimene mwandiuzazi n'zazikulu, ndipo zikufunika dokotala. Tiyeni tiimbire m'bale amene mumamukhulupirira kuti akuperekezeni kuchipatala lero lomwe.” Samulola kuchoka yekha atangomulimbikitsa ndi mawu okoma. Ku Malawi chipatala cha boma chapafupi ndi poyambira, ndipo chithandizo chapadera chimapezeka ku Zomba Mental Hospital ndi ku Saint John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe.

Wa hypnotherapy nayenso asathamangire kuziziritsa mutu umene wakhala ukupweteka kwa milungu dokotala asanaupime, chifukwa ululu ukhoza kukhala chizindikiro cha matenda aakulu. Munthu amene akumva mawu omwe ena sakuwamva amutumize kwa dokotala wa matenda a maganizo. Asauze wina aliyense kuti asiye ma ARV, mankhwala a khunyu, a shuga kapena a maganizo. Akhalenso ndi mnzake wodziwa ntchito kuposa iye, wokambirana naye nkhani zovuta mosatchula maina.

6. Kodi hypnosis ingandikumbutse zimene ndinaiwala ndili mwana?

Apa ndi pamene mabanja ambiri avulalira. Ubongo susunga zinthu monga mmene zinachitikira. Tikamakumbuka timalumikiza zidutswa, ndipo mawu a munthu wina angathe kulowa m'zidutswazo. Mu 1985 bungwe la American Medical Association linachenjeza kuti zokumbuka pa hypnosis n'zosadalirika poyerekeza ndi zimene munthu amakumbuka payekha. Choopsa china n'chakuti munthuyo amatuluka ali wotsimikiza kwambiri, ngakhale pa zinthu zimene sizinachitike.

Nadean Cool wa ku Wisconsin ku America, dokotala wake atamuchita hypnosis kwa nthawi yaitali, anayamba kukhulupirira kuti anali m'gulu lopembedza Satana ndiponso kuti mwa iye munali anthu oposa 120. Atazindikira kuti zonsezo anachita kumudzala m'mutu, anasuma, ndipo mu 1997 mlandu unatha pomulipira madola 2.4 miliyoni.

Nthawi zambiri vuto limayambira pa kafunsidwe. “Mukuona chiyani?” ndi funso lopatsa munthu ufulu. “Amalume anu anakugwirani pati?” ndi funso lobwera ndi yankho lake. Kwathu kuno, kumene kuloza munthu chala kuti ndi mfiti kwaphetsa agogo osalakwa, funso lotere lingathe kuwononga mudzi. Wothandiza woona mtima sagwiritsa ntchito hypnosis pofufuza wolakwa. Koma munthu akamuuza za nkhanza zimene amazikumbuka yekha, amamumvetsera mwaulemu osamukayikira, n'kumuthandiza kupeza chithandizo choyenera.

7. Kodi zimene ndanena zidzasungidwa mwachinsinsi?

Inde. Mwamuna wanu, makolo anu kapena abwana amene akulipira kochi alibe ufulu womva zimene mwakambirana popanda chilolezo chanu. Mafayilo akhale otsekeredwa, foni ikhale ndi pasiwedi, ndipo mawu anu asajambulidwe inu osadziwa. Kuika uthenga wanu woyamikira pa Facebook ngati chokopera makasitomala, inu musanavomere, ndi kuulula chinsinsi.

Chinsinsichi chili ndi polekezera: moyo wanu kapena wa munthu wina ukakhala pangozi, mwana akamachitidwa nkhanza, kapena khoti likalamula. Mu 1976, pa mlandu wa Tarasoff, khoti lalikulu la ku California linagamula kuti wothandiza ayenera kuchitapo kanthu poteteza munthu amene wodwala wake waopseza kumupha. Wothandizidwa auzidwe malire amenewa tsiku loyamba.

8. Nanga chibwenzi, mphatso ndi ndalama?

Kugonana ndi munthu amene ukumuthandiza n'koletsedwa, ngakhale iye atayambitsa. Munthu wovutika akapeza womumvetsera amatha kuganiza kuti wagwa m'chikondi, ndipo udindo wokana ndi wa wothandiza. Ngakhale kugwira paphewa kapena padzanja pa hypnosis kupemphedwe munthu asanatsinzine. Wothandiza asakongole ndalama kwa kasitomala, asamukokere m'bizinesi yake, kapena kumukakamiza chipembedzo chake. Asachulukitsenso masiku okumana pofuna ndalama.

Gulu la NXIVM ku New York linkagulitsa maphunziro othandiza anthu kuchita bwino pa moyo. Mtsogoleri wake, Keith Raniere, anagamulidwa mu 2020 kukhala m'ndende zaka 120 pa milandu yophatikizapo kugwiritsa ntchito amayi pa zachiwerewere. Chithandizo chikayamba kukutalikitsani ndi abale anu, kapena mukamalephera kusankha kanthu musanafunse kochi, dziwani kuti zinthu zapotoka.

9. Kodi ana angachitidwe hypnosis?

Angathe, koma ndi munthu wophunzira za ana, makolo atavomera, mwanayo atafuna, ndipo wamkulu wina ali pafupi. Ku North Port ku Florida, mphunzitsi wamkulu wa sekondale ankachita hypnosis ophunzira alibe chiphaso. Atatu mwa iwo anamwalira mu 2011, awiri podzipha ndipo mmodzi pa ngozi ya galimoto. Mu 2015 akuluakulu a sukulu anavomera kulipira mabanja atatuwo madola 600,000. Mtima wofuna kuthandiza sulowa m'malo mwa maphunziro.

10. Ndichite chiyani wothandiza akandilakwira?

Lekani kupitako, ndipo simufunika kupereka chifukwa. Lembani zimene zinachitika ndi masiku ake, sungani mauthenga ndi malisiti, ndipo uzani munthu amene mumamukhulupirira. Kadandauleni ku bungwe limene iye analembetsako: HPCSA ku South Africa, CNHC ku Britain, Medical Council of Malawi ngati ndi wa zachipatala ku Malawi, kapena International Coaching Federation ngati ndi membala wake. Ngati anakugwirani mosayenera kapena kukuberani ndalama, pitani kupolisi. Musadziimbe mlandu chifukwa choti munamukhulupirira, pakuti udindo wosunga malire unali wake. Dandaulo lanu likhoza kuteteza munthu wina amene akukonzekera kupita kwa iye.