Makalata a omvera: yoga, kupuma ndi matenda a shuga

Wowulutsa: Kalata yoyamba yachokera kwa mayi wina wa ku Ndirande. Akuti: "Ndimamwa metformin. Mwana wanga wandionetsa kanema pa foni, munthu akunena kuti yoga imachiritsa shuga. Kodi mapiritsiwa ndisiye?"

Adokotala: Mayi, mapiritsi musasiye. Yoga inachokera ku India, ndipo imaphatikiza kudziwongola, kukhala kapena kuima mwanjira inayake kwa kanthawi, ndi kupuma mwadongosolo. Phindu lake lilipo ndithu. Minofu ikamagwira ntchito imayamwa shuga wa m'magazi, ndipo insulin imayamba kugwira bwino m'thupi. Palinso nkhani ya nkhawa. Munthu akada nkhawa, thupi limatulutsa timadzi totchedwa cortisol ndi adrenaline, timene timachititsa chiwindi kutulutsa shuga yemwe chinasunga. N'chifukwa chake mayi amene wagona akuwerengera lendi ndi fizi ya ana akhoza kupezeka shuga wakwera osalawa chotsekemera chilichonse. Kupuma pang'onopang'ono kumakhazika mtima pansi. Koma kuchiritsa ayi. Kanemayo akukokomeza, ndipo nthawi zambiri makanema otere amathera pokugulitsani kanthu. Shuga wanu akatsika, wochepetsa mankhwala ndi dokotala atakuyezani, osati foni.

Wowulutsa: Bambo wina wa ku Mchinji akuti kwawo kulibe wophunzitsa yoga. Ayambire pati?

Adokotala: Pamphasa pomwepo, bambo. Khalani msana uli chilili, dzanja limodzi pamimba. Kokerani mpweya kudzera m'mphuno mukuwerenga mumtima mpaka 4, kenako muutulutse pang'onopang'ono mukuwerenga mpaka 6. Chimene chiyenera kukwera ndi dzanja la pamimbalo, mapewa akhale phee. Mphindi 5 kapena 10 m'mawa nzokwanira. Mukamva chizungulire lekani, mupume monga mwa masiku onse. Pali kapumidwe kena kothamanga kotchedwa kapalabhati, kotulutsa mpweya mwamphamvu mimba ikugwedezeka. Ngati muli ndi BP, kameneko kalekeni, pamodzi ndi kugwira mpweya nthawi yaitali. Komanso musadzinamize kuti kupuma kokha kwalowa m'malo mwa kutuluka thukuta. Bungwe la WHO limalimbikitsa mphindi zosachepera 150 pa sabata zogwiritsa ntchito thupi. Kupalasa njinga, kuyenda ndawala, kugwira khasu, zonsezo zimawerengedwa.

Wowulutsa: Ina ndi yaifupi, yochokera ku Mzuzu: "Abusa athu akuti yoga ndi chipembedzo."

Adokotala: Abusawo sananame kotheratu, chifukwa mizu ya yoga ili m'zikhulupiriro za ku India, makamaka Chihindu. Koma kuwongola msana ndi kupuma mozama mukhoza kuchita popanda pemphero la wina aliyense. Ngati mtima ukukanabe, dzina la yoga lisiyeni, inu muzingodziwongola.

Wowulutsa: Yomaliza yalembedwa ndi mdzukulu m'malo mwa agogo ake ku Balaka. Agogowo amabaya insulin, maso akuona mwachimbuuzi, ndipo mapazi amachita dzanzi.

Adokotala: Apa ndiye tichedwepo. Agogo, shuga amawononga timitsempha ting'onoting'ono ta kumbuyo kwa diso. Zozondoka zonse, mutu pansi matako m'mwamba, zimawonjezera kuthinana m'maso, ndipo timitsempha tofooka tikhoza kutuluka magazi. Musachite zimenezo, ndipo maso akaonedwe kuchipatala msanga. Inu chitani zanu mutakhala pampando: kukweza manja, kuzunguliza mapewa ndi akakolo, kupuma monga tawauzira bambo aja.

Za mapazi, a yoga amakonda kuponda opanda nsapato. Kwa inu zimenezo n'zoopsa, chifukwa phazi ladzanzi silimva minga kapena kachitsotso kotuluka pamphasa. Mdzukulu, udindo uwu ndi wako: madzulo aliwonse uziwayang'ana agogo kuphazi, pakati pa zala ndi kuchidendene, ndipo ukaona kabala ngakhale kakang'ono usadikire tsiku la kiliniki.

Chinanso, amene amabaya insulin kapena kumwa glibenclamide asachite masewera olimbitsa thupi ali ndi njala, chifukwa shuga amatha kutsika kwambiri. Zizindikiro zake ndi kunjenjemera, thukuta lozizira, mtima kugunda kwambiri ndi kusokonezeka maganizo. Pamakina oyezera, ndi nambala yochepera 3.9, kapena 70 pa makina ena. Zikatero sungunulani masupuni a tiyi atatu kapena anayi a shuga m'madzi, amwe, mudikire mphindi 15. Ngati sizinasinthe apatseninso, ndipo akatsitsimuka adye chakudya. Koma ngati akomoka musawathire kanthu m'kamwa, angatsamwe. Agonekeni cham'mbali, mupeze galimoto yothamangira kuchipatala.