Silaidi si kope la manotsi: mmene mungafotokozere kafukufuku wanu pagulu

Sayansi sithera mu labu. Mukayesa, mukayeza, mukalemba zimene mwapeza, pamatsala ntchito imodzi yomwe ambiri imawanjenjemeretsa mawondo: kuimirira pamaso pa anthu n'kuwauza zimene mwapezazo. Lero mwina ndi anzanu a kalabu ya sayansi pasukulu yanu ku Edingeni. Mawa akhala oweruza pa mpikisano, kenako aphunzitsi a ku Mzuni kapena ku MUST, ndipo kumeneko simudzathawa masilaidi.

Wina anganene kuti, "Ife pulojekita tilibe, ndiye izi zikutikhudza bwanji?" Zikukukhudzani ndithu. Silaidi ndi tsamba limodzi loti omvera aliyang'ane inu mukulankhula, basi. Likhoza kukhala pa laputopu, pa pepala lalikulu lomata pakhoma, ngakhale pa bolodi. Lamulo lake ndi limodzi: silaidi iliyonse inene mfundo imodzi ndi kuonetsa umboni wake. Zotsalazo munene ndi pakamwa.

Silaidi yomwe inakwirira uthenga

Tiyambire kutali, ku America, kuti muone kuti nkhaniyi si yongofuna mamalikisi.

Pa 16 January 2003, bungwe la NASA linaulutsa chombo cha m'mlengalenga chotchedwa Columbia, chili ndi anthu 7. Patangotha masekondi pafupifupi 82, chidutswa cha chinkhupule cholimba chomwe chinkakuta thanki ya mafuta chinanyotsoka n'kumenya phiko la kumanzere. Chombocho chili m'mlengalenga momwemo, mainjiniya a kampani ya Boeing anawerengetsera ngati phikolo lawonongeka, ndipo zimene anapeza anazifotokozera akuluakulu pogwiritsa ntchito masilaidi.

Silaidi imodzi mwa amenewo inadzatchuka kwambiri. Mutu wake, wa zilembo zikuluzikulu, unkamveka wolimbitsa mtima. Pansi pake panali mizere yambirimbiri yothithikana. Kumapeto kwenikweni, m'tizilembo ting'onoting'ono, n'kumene kunali nkhani yeniyeni: chidutswa chimene ankaganiza kuti chamenya chombocho chinali chachikulu kuwirikiza ka 640 poyerekeza ndi tizidutswa tomwe anayeserapo kale. Kunena kwina, zoyesa zakalezo sizikanatha kutsimikizira munthu kuti phikolo lili bwino.

Pa 1 February chombocho chinaphwasuka chikubwerera padziko, ndipo onse 7 anamwalira. Zifukwa za ngoziyi zinali zambiri, silaidi payokha sinaphe munthu. Koma komiti yofufuza, mu lipoti lake la mu August 2003, inanena kuti bwana akanatha kuwerenga silaidi imeneyo osazindikira kuti ikukamba za moyo ndi imfa. Katswiri wa kaonetsedwe ka manambala, Edward Tufte, ndi amene anaisanthula mzere ndi mzere.

Mwaona? Mfundo yofunika inalipo, ndipo inali yoona. Vuto linali malo amene anaiika.

Mutu ukhale chiganizo chathunthu

Ophunzira ambiri amalemba mitu ngati iyi: "Njira", "Zotsatira", "Mathero". Mitu yotereyi ili ngati chikwangwani chongolembedwa kuti "Msewu", osanena kumene msewuwo ukupita.

Michael Alley, yemwe amaphunzitsa mainjiniya kalankhulidwe pa yunivesite ya Penn State ku America, amalimbikitsa njira ina. Pamwamba pa silaidi lembani chiganizo chachifupi chonena zimene mukufuna omvera akhulupirire. Pansi pake ikani umboni wooneka ndi maso: chithunzi, gilafu kapena chojambula. Mndandanda wa mfundo usiyeni m'kope.

Tiyerekeze kuti gulu lanu layerekezera mbaula ya Chitetezo ndi mafuwa atatu, kuti muone pamene pamatha nkhuni zambiri. M'malo molemba "Zotsatira", lembani zimene mwapezazo, mwachitsanzo: "Mbaula inatha nkhuni zochepa kuposa mafuwa maulendo onse atatu." Munthu amene maganizo ake anali atathawira ku mpira wa Loweruka, akangodzutsa mutu n'kuwerenga mzere umenewo, wabwerera m'nkhani.

Njirayi ili ndi phindu linanso. Mukalephera kulemba chiganizocho, ndiye kuti inuyo simunadziwebe chimene silaidiyo ikunena. Kuli bwino kuzindikira zimenezi muli pa desiki kusiyana ndi muli kutsogolo.

Chifukwa chake mawu ambiri amasokoneza

Yesani kuwerenga nyuzipepala kwinaku mukumvera nkhani pa wailesi. Chimodzi chikudutsani. Ubongo umavutika kutsatira mawu olembedwa ndi mawu olankhulidwa pa nthawi imodzi, koma chithunzi ndi mawu olankhulidwa zimayendera limodzi bwinobwino. Richard Mayer, katswiri wa kaganizidwe ka anthu pa University of California, Santa Barbara, anayesa zimenezi kangapo. Anapeza kuti ophunzira amamvetsa bwino akamaona chojambula wina akufotokoza, kusiyana ndi pamene mawu omwewo alembedwanso onse pa sikirini.

Ndiye mukadzaza silaidi ndi ndime, omvera amayamba kuwerenga n'kukusiyani mukulankhula nokha. Amamalizanso inu musanafike pakati, poti maso amathamanga kuposa pakamwa. Mtima wofuna kuikapo chilichonse chimene munachivutikira ndi womveka, koma paja ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Phunziro lochokera kwa aneba a ku Kasungu

Chitsanzo chabwino chili pafupi, m'boma loyandikana ndi Mzimba kummwera. William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, anasiya sukulu ya sekondale chifukwa chosowa fizi pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002. Ataona zithunzi m'buku la mu laibulale, anapanga makina opukusidwa ndi mphepo opangira magetsi ali ndi zaka 14. Anagwiritsa ntchito mitengo ya bulugamu, mapaipi apulasitiki, fani ya thirakitala ndi zitsulo za njinga. Makinawo ankayatsa mababu anayi ndi mawailesi awiri.

Mu June 2007, ali ndi zaka 19, anamuitana ku msonkhano wa TEDGlobal ku Arusha, m'dziko la Tanzania. Chingerezi chake chinali chochepa, ndipo iye mwini anadzanena pambuyo pake kuti mantha anamugwira kwambiri. Woyendetsa msonkhano, Chris Anderson, ankachita kumufunsa mafunso, iye n'kumayankha mwachidule. Koma kumbuyo kwake kunkaoneka zithunzi za kwawo ndi za makinawo. Zonse zinatenga mphindi pafupifupi zinayi, ndipo anthu anamumva, ena mpaka anadzipereka kumulipirira sukulu. Mu 2009 anakalankhulanso ku Oxford, ulendo uno payekha, nkhani yake ili m'ndondomeko: vuto, zimene anachita, zimene zinatsatira. Anamaliza maphunziro pa Dartmouth College mu 2014.

Chimene chinagwira anthu ku Arusha si Chingerezi chothyakuka. Anali ndi chinthu chimodzi choti anene, ndipo umboni wake unkaoneka. Makanema onse awiri ali pa intaneti. Mukapeza bandulo, aonereni motsatizana.

Masilaidi asanu, mphindi zisanu

Tibwerere ku mbaula ija. Mwapatsidwa mphindi zisanu. Nayi njira imodzi yogawira.

1. Funso. Chithunzi cha mtolo wa nkhuni, ndi funso lanu pamwamba. Nenani chifukwa chake nkhaniyi ikukhudza aliyense amene amakatola kapena kugula nkhuni.
2. Mmene munayesera. Chithunzi chimodzi choonetsa mbaula, mafuwa, poto ndi sikelo. Mutu unene kuti munagwiritsa ntchito poto yemweyo, madzi ofanana ndi nkhuni za mtundu umodzi. Pakamwa fotokozani kuti munayeza nkhuni musanakoleze moto, n'kuyezanso zotsala madzi atawira.
3. Zimene munapeza. Gilafu imodzi. Apa ndi pamtima pa nkhani, choncho pakhalitseni.
4. Malire a kafukufuku wanu. Kodi kunali mphepo? Nkhuni zinali zouma mofanana? Munabwereza kangati? Izi zikhale ndi silaidi yakeyake, osati tizilembo ta pansi. Kumbukirani Columbia.
5. Uthenga wopita nawo kunyumba. Chiganizo chimodzi. Musamalize ndi silaidi yongolembedwa "Zikomo". Nthawi ya mafunso, chimene chikuoneka pakhoma chikhale yankho lanu.

Pa gilafu samalani zinthu izi. Lembani chimene mzere uliwonse ukuimira pamodzi ndi muyeso wake, kaya ndi makilogalamu kaya mphindi. Ngati ndi gilafu ya mizati, iyambire pa 0, chifukwa mukayambira pakati, kusiyana kwakung'ono kumaoneka ngati phiri. Musadalire mtundu wofiira ndi wobiriwira pokha posiyanitsa zinthu, poti anthu ena, makamaka amuna, maso awo sasiyanitsa bwino mitundu iwiriyi. Dzina lilembeni pa mzati pomwepo.

Kukula kwa zilembo kuyeseni ndi miyendo. Ikani silaidi kapena pepala lanu kutsogolo, pitani pa desiki yomaliza. Chimene simukuchiwerenga, chikulitseni kapena chichotseni.

Tsopano pakamwa

Musanagwire kompyuta, fotokozerani agogo kapena mng'ono wanu nkhani yonse m'Chitumbuka kapena m'Chichewa, popanda pepala. Pamene mwakakamira, kapena pamene mwathawira ku liwu la Chingerezi lomwe simungalimasulire, ndi pamene simunamvetse. Konzani pamenepo, kenako muyeserere m'Chingerezi.

Yesererani mokweza, mutaimirira, mnzanu atagwira wotchi. Kuyeserera chamumtima kumanamiza, zonse zimaoneka zosalala. Ngati mwapitirira nthawi, chotsani mfundo, musawonjeze liwiro. Lowezani ziganizo ziwiri zoyamba zokha, poti mantha amakula kumayambiriro, koma musaloweze nkhani yonse ngati ndakatulo. Woloweza akaiwala liwu limodzi, zonse zimagwa.

Yang'anani anthu, osati khoma. Gilafu ikaoneka, musathamangire kumasulira. Yambani mwauza omvera kuti uku kuli chiyani, uku kuli chiyani, lozani pamene mukufuna ayang'ane, mukhale chete pang'ono, kenako nenani tanthauzo lake. Inu gilafuyo mwakhala nayo sabata yonse, iwo akuiona koyamba.

Ngati muli gulu, gwirizanani amene ayambe, amene alandire, ndi amene azisintha masilaidi. Aliyense adziwe nkhani yonse, chifukwa funso silisankha munthu.

Mafunso, ndi tsiku lomwe magetsi azima

Funso likabwera, limvetsereni mpaka kumapeto, mulibwereze mokweza kuti a kumbuyo amve. Kubwerezako kumakupatsaninso mpata woganiza. Ngati ndi chinthu chomwe simunayese, nenani kuti, "Zimenezo sitinayese, koma tingaziyese motere." Limenelo ndi yankho la wasayansi. Kupeka yankho ndiye kumagwetsa zonse zimene mwanena kale.

Za magetsi simuchita kuuzidwa. Sungani masilaidi anu pa fulashi ndi pa foni, monga PDF, kuti asasokonekere pa kompyuta ya eni. Jambulani gilafu yanu yaikulu pa pepala lalikulu, mulipinde, mulitenge. Pulojekita ikazima, tambasulani pepalalo n'kupitiriza. Mungathe kutero ngati nkhaniyo ili m'mutu mwanu, osati pakhoma pokha.

Yesani izi sabata ino

Tengani zoyesa zimene munachita posachedwa m'kalasi la Biology, Physics, Chemistry kapena Agriculture. Dulani mapepala asanu. Pa lililonse lembani chiganizo chimodzi pamwamba, osapitirira mizere iwiri, ndipo pansi jambulani umboni wake. Kenako patsani mnzanu yemwe sanali m'gulu lanu kuti awerenge mitu yokhayo, kuyambira woyamba mpaka womaliza, akuuzeni zimene munapeza. Akanena zolondola, masilaidi anu ali bwino. Akaphonya, musamufotokozere. Tengani cholembera, konzani mituyo, mum'patsenso.