Phunziro: Ntchito ya notary public

Kalata ikachoka ku Malawi kupita ku dziko lina, oilandira samudziwa mwini wake. Sadziwa ngati dzina lili m'munsimo analisainadi ndi iyeyo. Kuti aikhulupirire, amafuna umboni wa munthu amene lamulo linamupatsa mphamvu. Munthu ameneyu ndi notary public.

Ndani angakhale notary public?

Kuno ku Malawi, notary public amayamba wakhala loya. Ayenera kukhala ndi laisensi ya uloya, ndiponso akhale atagwira ntchitoyo kwa zaka zingapo. Akatero amakapempha kwa Chief Justice, yemwe ndi mkulu wa majaji onse m'dziko muno. Mkuluyu akakhutira, amamupatsa satifiketi. Choncho notary public aliyense ndi loya, koma si loya aliyense amene ali notary public.

Amagwira ntchito yanji?

Ntchito yake yaikulu ndi kuchitira umboni. Amaonetsetsa kuti wosaina kalata ndi mwini dzina weniweni, akumvetsa zimene zalembedwa, ndipo sakukakamizidwa. Amatsimikiza kuti fotokope ya chikalata, monga satifiketi ya MSCE kapena ya ukwati, ikufanana ndi chikalata chenichenicho. Amalumbiritsa munthu amene akupereka umboni wolemba. Amakonzanso kalata yopatsa munthu wina mphamvu yokuimirirani pa nkhani ya nyumba, malo kapena ndalama.

Zimayenda bwanji?

Tiyerekeze kuti mayi wina amuna ake amwalira akugwira ntchito ku Johannesburg. Kampani ya kumeneko ikufuna makalata osonyeza kuti iyeyu ndi mkazi wa malemuwo, isanapereke ndalama za masiye. Mayiyu apite yekha kwa notary public, osatuma mwana kapena mlamu. Atenge chiphaso cha unzika kapena pasipoti, pamodzi ndi makalata enieni, osati mafotokope okha. Asasainiretu kunyumba. Notary public adzayang'ana chiphaso, adzafunsa mafunso, kenako mayiyo adzasaina iye akuona. Ngati sadziwa kulemba, adzadinda ndi chala chachikulu. Pomaliza notary public adzasaina, n'kulemba tsiku, n'kuika chidindo chake. Ntchitoyi ndi yolipira, choncho funsani mtengo musanayambe, ndipo mukalipira tengani lisiti.

Maiko ena amafuna chitsimikizo china pamwamba pa chidindocho, chotchedwa apostille. Chimachokera m'pangano la maiko la ku Hague la 1961, limene Malawi analowamo mu 1967. South Africa ndi Britain alinso m'panganoli. Yambani mwafunsa ofuna kalatawo ngati akufuna chitsimikizo chimenechi.

Kodi kalata iliyonse ipite kwa notary public?

Ayi. Makalata ambiri ogwiritsa ntchito m'dziko momwe muno amangofuna commissioner for oaths, monga majisitireti wa kukhoti kapena loya amene ali ndi laisensi. Notary public amafunika makamaka kalata ikamatuluka kunja.

Dziwaninso kuti chidindo sichiyeretsa bodza. Kunama utalumbira ndi mlandu, ndipo ukhoza kukulowetsa m'ndende.

Mafunso

1. Ndani amapereka satifiketi kwa notary public?
2. Tchulani zinthu ziwiri zoyenera kutenga popita kwa iye.
3. N'chifukwa chiyani simuyenera kusainiratu kunyumba?
4. Kodi munthu wosadziwa kulemba amatani?

Kambiranani m'magulu: kodi munthu angataye chiyani atasaina kalata imene sakuimvetsa?

Kumbukirani: musasaine kapena kudinda chala pa pepala lopanda kanthu. Ngati kalata ili m'Chingerezi, pemphani kuti akuwerengereni ndi kukufotokozerani m'Chichewa mpaka mutamvetsa. Mukakayikira loya, funsani ku bungwe la maloya la Malawi Law Society musanapereke ndalama.