Gofu imayambira m'chiuno: malangizo kwa makadi a ku Misisi

Inu anyamata a m'komboni amene mumanyamulira anthu zikwama pa Lusaka Golf Club ku Longacres kapena pa Chainama Hills, miyendo muli nayo kale. Mabowo 18 ndi ulendo wa makilomita oposa 6, maola anayi padzuwa, chikwama cha ndodo 14 chili paphewa. Koma tsiku limene mwagwira ndodo kuti mumenye nokha, mpira supita patali ndipo msana umadandaula. Chikusowa ndi chiuno chomasuka, mimba yolimba ndi kuima kosagwedezeka. Zonsezi mungazipeze pabwalo la pakhomo, popanda kulipira jimu.

Choyamba, tenthetsani thupi. Thamangani pang'onopang'ono kapena lumphani chingwe kwa mphindi 5, mpaka kathukuta kayambe. Minofu yozizira sichedwa kuvulala.

Chachiwiri ndicho chachikulu, ndipo ndikupemphani muchedwepo. Mphamvu yomenyera mpira sichokera m'manja monga ambiri amaganizira. Imayambira kumapazi amene akuponda pansi, kudutsa m'chiuno ndi m'mimba, kenako n'kufika m'mapewa, manja amangomalizitsa. Tengani mpini wa tsache, muupingase kumbuyo kwa khosi, muugwire mbali zonse ziwiri. Weramani monga mwaimirira mpira, mawondo opindika pang'ono. Tembenukani pang'onopang'ono kufikira msana utayang'ana kumene mpira uyenera kupita, chiuno chitembenuke theka chabe la mmene mapewa atembenukira. Kusiyana kumeneku ndiko kumakoka thupi ngati legeni, ndipo mpira umauluka chifukwa cha iko. Chitani ka 15, ndiye mubwereze kumbali inayo. Mbali inayo musaidumphe: gofu imapotoza thupi kumodzi kokha, ndipo msana umapweteka chifukwa cha zimenezo.

Chachitatu, chigubu chotungira madzi chija. Cha malita 20 chikadzaza chimalemera makilogalamu 20, choncho yambani ndi theka. Chikumbatireni pachifuwa, njutani msana uli wowongoka, zidendene zisanyamuke, ndiye dzukani. Ka 10, pumulani, mubwereze katatu. Mukatha, chigwireni ndi dzanja limodzi, muyende mapazi 30 osapendekeka, musinthe dzanja. Kwa kadi izi ndi mankhwala, chifukwa phewa limodzi likamasenza chikwama tsiku ndi tsiku thupi limazolowera kupendekera. Ngakhale pantchito, muzisinthasintha phewa bowo lililonse.

Chachinayi, gonani chafufumimba, mudzikweze pa zigongono ndi zala zakumapazi, thupi lili lowongoka, kwa masekondi 30. Katatu basi.

Chomaliza, imani ndi mwendo wamanzere wokha ngati mumamenya ndi dzanja lamanja, chifukwa ndi umene umalandira thupi lonse mukamaliza kumenya. Mukakwanitsa masekondi 30, yesani mutatsinzina.

Masiku atatu pa sabata akwana, ndipo pakati pake pazikhala tsiku lopumula. Tsiku limene mwanyamula chikwama kawiri, musawonjezere chigubu. Ingochitani za mpini wa tsache. Mu Okutobala chitani m'mamawa dzuwa lisanaswe mtengo. Mvula ikayamba, madzi n'kudzaza m'njira za Misisi, zonsezi zimatheka m'chipinda chimodzi. Muzimwa madzi ambiri, koma owiritsa kapena othira klorini, pakuti kolera imatha mphamvu imene mwasonkhanitsa miyezi yambiri m'masiku awiri okha.

Mwina mukuti zolimbitsa thupi ndi za osewera mpira wamiyendo. Gary Player wa ku South Africa, munthu wamfupi ndithu, anapambana mipikisano ikuluikulu 9 ya gofu, ndipo anali wodziwika ndi kulimbitsa thupi nthawi imene anzake ankaziona ngati zachabe. Madalitso Muthiya wakwathu, amene mu 2006 anakhala munthu woyamba wa ku Zambia kusewera US Open ku Winged Foot, anakapikisana ndi anthu amene amasewera masiku anayi otsatizana, mabowo 72. Wofooka m'chiuno amayamba bwino Lachinayi, koma pofika Lamlungu mipira yake imathera m'mitengo.

Kumva kutopa m'minofu mawa lake si vuto. Koma mukamva kubaya kumunsi kwa msana, kapena dzanzi likutsikira kumwendo, siyani pomwepo mupite ku kiliniki. Pakatha milungu 6, pemphani mphunzitsi wa pa kilabu akuonereni mmene mukutembenukira musanadzazitse chigubu.