Malangizo kwa Akabaza Nyengo ya Chiperoni

Malangizowa ndi anu makamaka inu akabaza a pa Chonde. Juni ndi Julayi akafika, chiperoni chochokera ku Mozambique chimabwera ndi mvula yamawawa ndi chifunga. Valani juzi mkati, pamwamba lenikhoti yaifupi yoti isakodwe m'masipoko. Miyendo ya buluku imangeni ndi mphira. Foni ndi ndalama zikhale mu jumbo, mpando wa kasitomala muukute ndi pulasitiki. Mabuleki akanyowa sagwira msanga, choncho yambirani patali kumanga mukamapita ku Luchenza kapena ku Chitakale. Valaninso chowala kuti oyendetsa galimoto akuoneni. Mukafika kunyumba, vulani zonyowa, thirani oyilo pa tcheni. Yendani bwino abale anga, ana akukudikirani.