Ayezi wa pamasitepe amachokera padenga

Inu achinyamata amene mwangofika kumene ku Britain, kaya mwapeza nyumba ku Leeds, ku Manchester kapena ku Glasgow, tsiku lina mvula ikugwa masana tulukani ndi ambulera muyang'ane m'mphepete mwa denga. Pamakhala ngalande yapulasitiki kapena yachitsulo, ija amati gutter, yolandira madzi a padenga n'kuwapereka ku paipi yotsikira pansi. Mukaona madzi akudontha pamwamba pa chitseko, kapena khoma litachita mzere wobiriwira wa ndere, dziwani kuti ikamafika Januwale wina adzagwa pamasitepe a pakhomopo.

Kwathu madzi a pamalata amangogwera pansi, dzuwa likawala kwauma, nkhani yatha. Kuno madzi amene adontha masana amaundana usiku kuzizira kukafika pa madigiri 0. Ayezi wake amakhala wopyapyala, wosaoneka, sitepe imangokhala ngati yanyowa. Chipale chofewa chikaunjikana padenga ndiye zimanyanya, chifukwa masana chimasungunuka pang'onopang'ono, madzi n'kumadontha ngakhale mvula kulibe. Tsono ambiri mwa inu mumatuluka kukadali mdima kuthamangira shifiti, chikwama kuphewa, foni m'manja. Munthu akaterereka amatsogoza dzanja, ndipo limathyoka ndi lomwelo. Akakhala mayi anu amene abwera kudzaona mdzukulu, chimathyoka ndi chiuno, ndipo fupa la wamkulu silichedwa kusweka koma limachedwa kulumikizika.

Madzi otentha a m'ketulo musathirepo. Ayezi amasungunukadi, koma pakapita kanthawi madzi omwewo amaundana, poterera n'kukula kuposa poyamba. Mchere wamiyala wosakaniza ndi mchenga umathandiza usiku umenewo, ngakhale kuti kukazizira kwambiri mphamvu yake imachepa, komanso umadya simenti. Kuthira mchere denga likudonthabe kuli ngati kukolopa mpopi uli chitsegulire.

Nthawi zambiri vuto limayamba ndi masamba. Mu Okutobala ndi Novembala mitengo imayoyola, ndere imagwa kuchokera pamatailosi, zonsezi n'kusanduka thope lakuda lotseka pakamwa pa paipi. Madzi akasowa kolowera amasefukira, otsalawo amaundana momwemo. Madzi akaundana amafufuma ndi pafupifupi 9 peresenti, ndipo mphamvu imeneyo imakanula polumikizira. Valani magolovesi, kokolani thopelo muike m'ndowa, kenako thirani madzi kumapeto kotalikirana ndi paipi, muone mmene akuyendera. Akaima pakati ndiye kuti ngalande yawerama, mwina chogwirira chimodzi chathyoka kapena thabwa limene chinakhomedwapo lawola. Ngalande iyenera kutsetsereka pang'ono kulowera ku paipi, mamilimita atatu pa mita iliyonse ndi okwanira, ndipo zogwirira zisatalikirane kupitirira mita imodzi.

Pamene ambiri amaononga ndi polumikizira. Ngalande zapulasitiki sazimata ndi guluu. Zimakumana pa kachidutswa kokhala ndi labala m'kati, kotsekedwa ndi timano tokanikiza m'mphepete. Pulasitiki imatalika kukatentha n'kufupika kukazizira, choncho iyenera kumayenda pa labalayo, n'chifukwa chake m'kachidutswamo muli mzere wosonyeza pamene ngalande iyenera kulekezera. Tsegulani timanoto, tukulani ngalande, mupeza mchenga utalowa pansi pa labala. Tsukani bwinobwino. Labala ikakhala yophwatalala kapena yong'aluka gulani ina, ikavuta gulani kachidutswa konse, koma pitani ndi kakale kusitolo chifukwa makampani amapanga mosiyana. Kupaka silikoni pamwamba pa thope lonyowa n'kutaya ndalama, chisanu chimodzi chokha imamatuka. Zachitsulo za m'nyumba zakale zija n'zolemera ndipo mabawuti ake amakhala adzimbiri. Zimenezo asiyireni amisiri.

Za makwerero ndilankhule mosapsatira. Akakwera mamita anayi, miyendo yake italikire khoma ndi mita imodzi. Musawatsamiritse pa ngalande yapulasitiki, imasweka. Pansi pakhale mnzanu wogwira, ndipo kukakhala mphepo kapena ayezi musakwere n'komwe. Nyumba zambiri kuno n'zosanja, ndipo ine sindiona chaumuna chilichonse pokwera pamenepo pofuna kupulumutsa mapaundi ochepa, pamene otsuka mawindo ambiri ali ndi makina okoka zinyalala ataima pansi.

Ngati nyumbayo ndi ya lendi, kukonza si udindo wanu. Ku England, gawo 11 la Landlord and Tenant Act 1985 limalamula mwini nyumba kusamala kunja kwa nyumba, ndipo ngalande ndi mapaipi akunja amatchulidwa mwachindunji. Ku Scotland udindo wotere uli mu Housing (Scotland) Act 2006. Werenganibe pepala la mgwirizano, chifukwa ena amalembamo kuti kuchotsa masamba ndi kwa wokhalamo. Ife tinaleredwa ndi ulemu woopa kuvutitsa akuluakulu, ndipo ndaona anzathu akulumpha sitepe yoterera miyezi yonse yozizira osanena kanthu. Ulemu wotere sulipira chipatala. Jambulani kanema madzi akudontha, tumizani pa imelo, sungani yankho. Akanyalanyaza, pitani ku khonsolo. Mukadzagula nyumba yanu, kumbukirani kuti wobweretsa makalata akagwa pakhomo panu chifukwa cha vuto limene munkalidziwa, mlandu ukhoza kukhala wanu.

Nthawi yabwino yoyeretsa ngalande ndi kumapeto kwa Novembala, masamba atatha kuyoyoka, pa tsiku louma, ndipo muyambe m'mawa chifukwa 4 koloko ikamakwana kumakhala kutada. Musadikire kuti wina ayambe wagwa.