Tchaja Ikatentha, Vuto Lili Pati?

Anzanga, ambirife kunyumba kuli foni imodzi yokha, ndipo tchaja ikapsa zimavuta kugula ina. Ndiye lero ndikufuna tione chimene chimatenthetsa tchaja komanso mmene akatswiri amayezera kutenthako.

Magetsi a ESCOM amafika pa soketi ali ma volt 230, pomwe tchaja wamba imatulutsa ma volt 5 okha. Chotsitsa magetsiwa ndi kathiransifoma kamene kali mkati mwa tchaja. Kali ndi mawaya awiri a mkuwa okulungidwa pa kachinthu kakuda kotchedwa ferrite. Mawayawa sakhudzana ayi. Mphamvu imawoloka kudzera m'maginito, njira imene Michael Faraday anatulukira mu 1831. Magetsi a pa soketi amasinthasintha ka 50 pa sekondi, koma tchaja imawayatsa ndi kuwazimitsa maulendo masauzandemasauzande pa sekondi. N'chifukwa chake kathiransifoma kakang'ono kamakwanitsa ntchitoyi.

Nanga kamatenthanso bwanji? Choyamba, waya amatentha magetsi akamadutsamo, ndipo magetsiwo akawirikiza kawiri, kutentha kopangidwa m'wayamo kumawirikiza kanayi. Chachiwiri, ferrite nayo imatentha chifukwa maginito ake sapuma, amangosinthasintha.

Tiwerengere limodzi. Tchaja yolembedwa 5 V ndi 2 A imatulutsa ma watt 10. Tiyerekeze kuti ikukoka ma watt 12 pa soketi. Awiri otsalawo apita kuti? Asanduka kutentha mkati mwa kabokosi kotsekeka kaja.

Poyeza, mainjiniya amamata kachipangizo kotchedwa thermocouple pa mawayawo, n'kusiya tchaja igwire ntchito ndi mphamvu zake zonse mpaka kutentha kusiye kukwera. Kenako amayerekeza ndi malire a vanishi ndi tepi zokutira mawaya. Zokutira za gulu A zimapirira madigiri 105, za gulu B madigiri 130.

Mwachitsanzo, tinene kuti m'chipinda muli madigiri 25 ndipo mawaya afika 95. Ndiye kuti akwera ndi 70, zili bwino. Koma tchaja yomweyo muipititse ku Nsanje mu Okutobala, kunja kuli madigiri 40. Mawaya afika 110, malire a gulu A aja apyoledwa. Zokutira zikasungunuka mawaya angathe kukhudzana, magetsi a pa soketi n'kufika ku foni imene ili m'manja mwa munthu.

Ife thermocouple tilibe, koma manja, maso ndi mphuno tili nazo. Tchaja yongofunda ilibe vuto. Koma ikamaotcha moti simungaigwire, ikamanunkha pulasitiki wopsa, kapena ikasintha mtundu, zimitsani pa soketi n'kuizula msanga. Musamaisiye pansi pa pilo, pa matiresi kapena padzuwa, chifukwa imazizira ndi mpweya. Chonde musaitsegule kuti muone mkati, muli kapasita imene imatha kusunga magetsi ngakhale tchaja itazulidwa. Izi mukawauzenso makolo ndi ang'ono athu kunyumba.